Ku Edinburgh ndi ophunzira a ku Japan, Ogasiti 2025

Loweruka, 2 Ogasiti

Ndikulemba maso akulemera. Tanyamuka m'mawa pa bwalo la ndege la Haneda ku Tokyo, ndipo takhala m'mwamba maola pafupifupi 14 tisanatere ku London. Kale ulendowu sunkatalika chonchi, koma kuchokera mu 2022 ndege zimenezi sizidutsanso kumwamba kwa Russia, ndiye zimakazungulira cha ku Alaska ndi Greenland.

Kwa amene simukudziwa, ndimaphunzira ku Japan, ndipo kafukufuku wanga ndi wa kaphunzitsidwe ka zilankhulo. Apulofesa anga anandipempha kuti ndiperekeze gulu la ophunzira a pa yunivesite yathu amene akudzaphunzira Chingerezi ndi chikhalidwe cha kuno pa holide yawo ya chilimwe. Ambiri ndi a chaka choyamba ndi chachiwiri. A chaka chachitatu sapezeka nthawi ino, chifukwa amakhala ali kalikiliki m'makampani kudzionetsa kuti adzawalembe ntchito. Pafupifupi onse pasipoti yawo ndi yatsopano, yosadindapo kanthu. Sizachilendo: ku Japan anthu okhala ndi pasipoti ndi 17 okha mwa 100 alionse.

Pa Heathrow iwo angodutsa pa zipata za makina, poti chilolezo chawo cholowera mu UK chotchedwa ETA anagula pa foni ndi mapaundi 16. Ine wa pasipoti ya Malawi ndinatenga viza kalekale, ndipo ndinaima pa mzere wina wautali. Nditatuluka ndinawapeza onse ataima pamodzi kundidikira, palibe amene anasuntha.

Ku Edinburgh mabanja amene aziwasunga anabwera kudzawatenga. Mtsikana wina anali ataloweza malonje ake m'ndege, atawalembanso pa kakhadi. Mayi omulandira atangoyamba kulankhula mwa liwiro la kuno, mwanayo anangowerama, kakhadi kali m'manja, mawu osatuluka.

Lamlungu, 3 Ogasiti

Kukuzizira bwino, ndipo 9 koloko usiku kunja kunali kukuwalabe. Tsiku lonse foni yanga yakhala ikulira ndi mauthenga a pa LINE, pulogalamu yolemberana pa foni, onse m'Chijapani. Wina madzi otentha sakutuluka m'shawa, sakudziwa kuti pali kachingwe kofunika kukoka kaye. Wina sakudziwa ngati avule nsapato pakhomo. Wina ali ndi ludzu koma akuopa kutsegula filiji ya eni ake. Onse ndawayankha chimodzimodzi: "Gogodani, muwafunse mayiwo." Mayankho ndikuwadziwa, koma ndikawapatsa ndiye kuti ndawalanda phunziro lawo loyamba.

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku loyamba la sukulu latipeza ndi namondwe wotchedwa Floris. Sitima zambiri zaimitsidwa masana, ndipo chionetsero cha asilikali cha Tattoo, chomwe chimachitikira pa bwalo la nyumba ya mafumu ija ili pamwamba pa thanthwe, achilephereketsa usiku uno. Maambulera a ophunzira athu athyoka asanafike n'komwe pa siteji ya basi.

M'mawa anali ndi mayeso owagawa m'makalasi. Pa zolemba achita bwino kwambiri, mpaka mphunzitsi wina anati galamala ya ena mwa iwo ikuposa ya ana ake enieni. Koma atalowa mmodzimmodzi kukacheza ndi mphunzitsi kwa mphindi zisanu, zinthu zinasintha. Funso losavuta monga loti unadya chiyani dzulo, munthu amayang'ana pansi, kupanga chiganizo chonse m'mutu, kuchiunika ngati chili ndi cholakwa, kenako n'kutulutsa liwu limodzi lokha.

Musawaweruze msanga. Anawa akhala ndi Chingerezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi ku sekondale, kuwonjezera pa kangachepe ka ku pulayimale. Koma mayeso a dziko lonse olowera ku yunivesite amayesa kuwerenga ndi kumvetsera basi, malikisi 100 uku, 100 uku. Kulankhula kulibe. Boma linkafuna kuti mayeso a mabungwe apadera, omwe amayesanso kulankhula, aziwerengedwa nawo, koma mu 2019 linabwerera m'mbuyo anthu atadandaula kuti ana a kumidzi ndi a mabanja osauka aponderezedwa. Mphunzitsi amaphunzitsa zimene zikabwere pa mayeso. Komanso munthu ku Japan atha kubadwa, kuphunzira mpaka udokotala, kugwira ntchito ndi kupuma osafunikira Chingerezi ngakhale tsiku limodzi. Mabuku a sayansi, malamulo, nkhani, zonse zilipo m'chilankhulo chawo. Pamenepa ine ndimawasirira. Mtengo wake ndi womwe ndauona lero.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Dzulo ku Isesaki, m'chigawo cha Gunma, kwatentha madigiri 41.8, kutentha kumene sikunalembedwepo m'mbiri ya Japan. Ophunzira amaonetsana nkhaniyi pa mafoni atavala majuzi.

Koma chimene ndikufuna kulemba ndi cha m'kalasi. Mphunzitsi anati aliyense anene za kwawo. Ambiri ananena ziganizo ziwiri zitatu: kwathu kuli nsomba zokoma, kwathu kumagwa chipale chofewa chambiri. Atafika pa mtsikana wa ku Hiroshima, yemwe kuyambira Loweruka sindinamumvepo mawu, anaimirira. Anati usiku sanagone, chifukwa 8:15 m'mawa ya kwawo ndi 12:15 usiku kuno, ndipo amafuna kukhala chete pamodzi ndi anthu akwawo pamene belu limalira pa mwambo wokumbukira zaka 80 chiphulikire bomba la atomiki lija. Anafotokoza za agogo ake, amene anali kamwana pa tsikulo, ndi za anthu pafupifupi 140,000 amene anali atamwalira pofika kumapeto kwa 1945. Maverebu ake amasokonekera, zakale amazinena ngati zalero, mawu ena amawasowa n'kumaonetsa ndi manja. Palibe amene anamukonza. Analankhula mphindi zingapo osayang'ana pansi, ndipo mnyamata wa ku Italy amene ali m'kalasi yawo anamufunsa mafunso iye n'kumayankha.

Chingerezi anali nacho kale. Lero anali ndi nkhani imene sakanatha kuisunga.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Mwezi uno mzinda wonse wasanduka bwalo la zisudzo. Chikondwerero cha Fringe chinayamba mu 1947, pamene magulu asanu ndi atatu osaitanidwa anangobwera n'kuyamba kusewera m'mphepete mwa chikondwerero chachikulu. Pano zionetsero zake zimapitirira 3,000. Mu msewu wa Royal Mile sungayende mapazi khumi wina asanakupatse kapepala koitanira ku sewero lake.

Ntchito ya masana inali yoti awiriawiri aimitse anthu osawadziwa n'kuwafunsa mafunso. Kwa munthu woleredwa ku Japan chimenechi n'cholemera, chifukwa kuyambira ali wamng'ono amauzidwa kuti asavutitse ena. Anaima m'mbali mwa tchalitchi cha St Giles kwa theka la ola akukankhana. Anawapulumutsa ndi ogawa timapepala aja, poti amenewo ntchito yawo ndi kucheza ndi aliyense. Atazindikira zimenezi, anawa anayamba kuwasaka okha. Mnyamata wina wabwera ndi timapepala todzaza thumba, mawu atasasa.

Madzulo nkhani inali ya ndalama. Paundi imodzi panopa ikusinthidwa pafupifupi mayeni 200. Ambiri mwa iwo amagwira ganyu m'masitolo ang'onoang'ono otchedwa konbini kapena m'malesitilanti, ola limodzi n'kulandira mayeni 1,000 ndi kanthu. Ndiye mbale ya nsomba ndi tchipisi ya mapaundi 15 amaiona ngati maola atatu oima pa kauntala. Wina anandiuza kuti wakhala akusunga ndalama za ulendowu kuchokera pamene analowa yunivesite, zina anawonjezera agogo ake. Boma la Japan linalengeza mu 2023 kuti likufuna ophunzira 500,000 azipita kunja pofika 2033, ndipo pali thandizo lochokera ku bungwe lothandiza ophunzira la JASSO ndi ku ndondomeko ya Tobitate yomwe inayamba mu 2013. Komabe ndikudziwa anyamata ndi atsikana akhama amene anatsala ku Japan chifukwa tikiti yokha ya ndege inawakanika, ndipo ndimawakumbukira ndikamaona anzawo akuyenda muno.

Loweruka, 9 Ogasiti

Takwera sitima pa siteshoni ya Waverley mpaka Dalmeny, n'kutsetsereka wapansi kupita ku South Queensferry. Ukaima pansi pa mlatho wa Forth khosi limauma ndi kuyang'ana kumwamba. Ndi chitsulo chofiira chokhachokha, chotalika pafupifupi makilomita awiri ndi theka, ndipo sitima zikuwolokabe pamenepo kuchokera pamene unatsegulidwa mu 1890.

Mphunzitsi anatulutsa chithunzi cha mu 1887. Amuna awiri akhala pa mipando atatambasula manja, atagwira ndodo, njerwa zili mbali iyi ndi iyo, ndipo pakati pawo munthu wachitatu wakhala pa kathabwa kolendewera. Benjamin Baker, mmodzi mwa amene anajambula pulani ya mlathowu, ankagwiritsa ntchito chithunzichi posonyeza anthu mmene kulemera kumagawanikira. Wapakatiyo ndi Kaichi Watanabe, injiniya wa ku Japan amene anaphunzira pa yunivesite ya Glasgow n'kudzagwira ntchito pa mlathowu. Ophunzira athu ambiri anali asanamvepo dzina lake. Anyamata atatu a zauinjiniya anayesa kuchita zomwezo pa benchi pogwiritsa ntchito zikwama ndi maambulera, ndipo bambo wina wachikulire wodutsa ndi galu anaima n'kuyamba kuwalangiza poika manja. Anacheza naye nthawi yaitali. Pobwerera mmodzi wa iwo anandiuza kuti mwa mawu khumi a bamboyo amamvapo anayi, koma za mlatho anamvana zonse.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sabata yachiwiri ndi ya madandaulo. Akusowa mpunga. Mbatatesi m'mawa ndi madzulo zawakola, ndipo timapaketi ta msuzi wa miso tomwe anabwera nato tayamba kutha. Akusowanso bafa lodzaza madzi otentha lomwe kwawo munthu amaviikamo thupi usiku uliwonse. Wina wakhumudwa kuti mayi omusunga amachapa kamodzi pa sabata. Zonsezi ndi zazing'ono, ndipo ndikuona kuti amene amakhala nawo pa tebulo eni nyumba n'kumathandiza kutsuka mbale ndi amene akudandaula pang'ono.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi china. Mu Ogasiti mayunivesite ambiri a ku Japan amatumiza magulu awo nthawi imodzi, moti kalasi ina mwa makalasi athu ili ndi Ajapani okhaokha. Belu likangolira, Chingerezi chimatsala pa desiki. Amadya pamodzi, kukwera basi pamodzi, kukagula zinthu pamodzi. Amene ali m'kalasi yosakanikirana ndi a ku Italy, Spain ndi Saudi Arabia akusiyana nawo kutali. Kumeneko aona anzawo akuphwanya galamala mokweza mawu, opanda manyazi, koma n'kumamveka, ndipo zawamasula.

Mnzanga amene tikuyang'anira naye gululi anaganiza zoika chindapusa kwa aliyense wolankhula Chijapani. Ndakana. Ndinaphunzira pa sekondale imene ukagwidwa ukulankhula Chichewa umakatchetcha udzu, ndipo ndikudziwa chimene lamulo lotere limabala: ana ochenjera amangosiya kulankhula. Tagwirizana kuti pa nkhomaliro aliyense azikhala pa tebulo lomwe pali munthu wa dziko lina ngakhale mmodzi.

Masana ndinathandiza pa phunziro la katchulidwe. Vuto lawo la r ndi l ndi lathu lomwe, komanso monga ife amakonda kuika vawelo kumapeto kwa liwu lililonse. Nditawauza kuti ine ndinalimbana ndi zomwezo ndipo pano ndimalemba ndi kuphunzitsa m'Chingerezi ndi kalankhulidwe kanga ka ku Malawi, mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye sikofunika kuti ndizimveka ngati wa ku America?" Ndinamuuza kuti amvetsere woyendetsa basi wa mawa m'mawa, aone ngati iyeyo akumveka ngati wa ku America.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Lero linali tsiku lovuta, ndipo sindikudziwa ngati tinawakonzekeretsa mokwanira. Ku Japan pa 15 Ogasiti amakumbukira kutha kwa nkhondo, tsiku limene Mfumu Hirohito inalankhula pa wailesi mu 1945, ndipo likugweranso m'nyengo ya Obon pamene mabanja amapita kumanda a makolo. Kuno tsiku lomwelo amalitcha VJ Day, kukumbukira kugonjetsedwa kwa Japan. Pa 12 koloko masana dziko linakhala chete kwa mphindi ziwiri, ndipo pa TV pamaoneka nkhalamba za zaka pafupifupi 100 zikufotokoza za ku Burma ndi za ukaidi umene zinaona m'manja mwa asilikali a Japan.

Mnyamata wina anabwera m'kalasi nkhope itagwa. Bambo omusunga anamuuza pa kadzutsa, mofatsa ndithu, kuti amalume awo anafera pa ntchito yomanga njanji ya pakati pa Thailand ndi Burma ali mkaidi. Mwanayo anasowa choyankha, osati chifukwa cha chilankhulo chokha. Za Hiroshima, Nagasaki, Okinawa ndi kuwotchedwa kwa Tokyo amazidziwa bwino. Za njanjiyo anangoziona mzere umodzi m'buku.

Mphunzitsi anasiya zomwe anakonza n'kulola kuti tikambirane. Nanenso ndinawauza zathu: kuti asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles, aja agogo athu ankati a Keyala, anatengedwa pa sitima zapamadzi kukamenyana ndi Ajapani ku Burma, ndipo mu 1944 anadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Kumudzi kwathu kunali agogo ena amene anabwerako, ndipo ankakonda kukhala okha. Ophunzira anadabwa kumva kuti Afilika inaliko ku nkhondo imeneyo. Mtsikana wa ku Hiroshima uja ndi amene anafunsa mafunso ambiri. Mnyamata uja anapempha kuti timuthandize mawu oti akanene kwa bambowo madzulo. Sanafune kupepesa m'malo mwa dziko lonse, komanso sanafune kungokhala chete. Anasankha kukawapempha kuti amuuze dzina la amalume awowo ndi kumuonetsa chithunzi chawo ngati chilipo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Lero linali tsiku lopuma, ndiye ndinakonza zopita ndekha ku Blantyre wa kuno. Ophunzira angapo atamva anati anditsata. Kuchokera ku Glasgow Central ndi mphindi 20 zokha pa sitima. Kuona dzina limenelo pa chikwangwani cha siteshoni yaing'ono, yopanda minibasi kapena wogulitsa chimanga chootcha, kunandigwira mtima.

Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813 idakalipo, pa mdadada wa Shuttle Row m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi ake olowa m'khoma. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita ku sukulu. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akutchula bwino Aafilika amene ankamutsogolera ndi kumusamala, monga Susi ndi Chuma. Ndinapezeka kuti ine ndi amene ndikufotokoza: za mishoni ya mu 1876 imene inapatsa mzinda wathu dzina, za nyanja, za malonda a akapolo ku Nkhotakota. Mmodzi anati aphunzitsi ake a ku sekondale anakhalako ku Malawi ngati wodzipereka wa JICA, bungwe la Japan lothandiza maiko ena. N'zotheka ndithu, poti achinyamata amenewa akhala akubwera kwathu kuyambira mu 1971.

Pobwerera tinadutsa mu George Street ku Glasgow, pomwe pali yunivesite ya Strathclyde. Kale inali Anderson's College. Livingstone anaphunzira zachipatala pamenepo kuyambira mu 1836, ndipo zaka 30 pambuyo pake panabweranso Yamao Yozo, mmodzi mwa anyamata asanu a m'chigawo cha Choshu ku Japan amene anazemba m'dziko lawo mu 1863, nthawi imene kutuluka mu Japan popanda chilolezo unali mlandu wophetsa. Masana ankagwira ntchito pa malo opangira sitima zapamadzi a Napier, madzulo n'kumalowa m'kalasi. Kumeneko anaona amisiri osamva akulankhulana ndi manja, ndipo atabwerera kwawo analimbikitsa kuti pakhale sukulu za ana osamva ndi osaona. Dzina la mnzake Ito Hirobumi, nduna yaikulu yoyamba ya Japan, ophunzira onse amalidziwa. La Yamao amalidziwa ochepa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Aliyense wapereka lipoti la mphindi zisanu pa mutu wodzisankhira, mabanja owasunga ena atabwera kudzamvera. Wina ananena za chifukwa chake kuno anthu amathokoza woyendetsa basi akamatsika. Wina anayerekeza mitengo ya zakudya, ndipo anadabwitsa eni dziko powauza kuti ku Japan chaka chino thumba la mpunga la makilogalamu 5 linapitirira mayeni 4,000, kuwirikiza kawiri mtengo wa chaka chatha. Mnyamata wa Lachisanu lija analankhula za amalume a bambo omusunga, chithunzi chili pa khoma, bambowo atakhala kutsogolo. Ambiri amawerengabe pa pepala. Koma nthawi ya mafunso, yomwe ndi imene ankaiopa kwambiri, palibe amene anangowerama. Osamva funso amanena kuti, "Pepani, bwerezani pang'onopang'ono."

Lachisanu, 22 Ogasiti

Usiku wotsanzikana tinavina gule wa kuno wotchedwa ceilidh, wa zeze wachizungu ndi akodiyoni, wina akufuula malangizo a mapazi. Osakwana zaka 20 anamwa chakumwa chosaledzeretsa cha Irn-Bru, chifukwa ngakhale kuno mowa amaloleza pa zaka 18, yunivesite yathu imatsata lamulo la kwawo. Pomaliza tinagwirana manja kuimba Auld Lang Syne ya Robert Burns. Ophunzira anadzidzimuka, poti nyimboyi amaidziwa ndi mawu a Chijapani: amaiimba pomaliza sukulu, ndipo maimbidwe ake amamveka m'masitolo akamatseka. Ena ankaganiza kuti ndi ya kwawo. Tinaiimba kawiri, kachiwiriko aliyense m'chilankhulo chake.

Loweruka, 23 Ogasiti

Tili pa bwalo la ndege, ndipo ndayamba kulemba lipoti la apulofesa. Mwezi wamawa anawa akalembanso mayeso a Chingerezi a TOEIC, ndipo sindikuyembekezera kuti malikisi awo akwera kwambiri. Masabata atatu sasintha galamala ya munthu, komanso mayeso amene akalembewo sayesa chimene chasintha mwa iwo. Ndikupempha kuti chaka chamawa tidzafunse sukulu isanatilandire ngati makalasi adzakhale osakanikirana, kuti nyumba iliyonse izilandira Mjapani mmodzi yekha, ndiponso kuti asananyamuke adzamvetsere kalankhulidwe ka ku Scotland ndi kuphunzira mbiri ya nkhondo monga imakambidwira kuno. Ndalembamonso za amene anatsala chifukwa cha ndalama, kuti yunivesite iganizire zolipirira ngakhale ochepa tikiti ya ndege.

Mtsikana wa ku Hiroshima wabwera kudzakhala pafupi nane. Akufuna kufunsira mwayi wokaphunzira kunja kwa chaka chathunthu, koma makolo ake akuopa kuti adzachedwa kusaka ntchito pamodzi ndi anzake. Mafomu akutsekedwa semesita ikangoyamba, ndipo wandipempha kuti tikafika ndimuwerengere kalata yake asanakaionetse kunyumba.